Ati Ndinaledzera pa Ntchito

9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Andichotsa ntchito. Ati ndinaledzera. Ine wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakhomo limodzi, anditulutsa ngati galu wolowa m'tchalitchi. Ndayamba ndi zimenezi kuti muzimve kwa ine musanazimve kwa a dalaivala a basi, amene amanyamula makalata ndi miseche pa mtengo umodzi.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi adzukulu? Bondo lija likukuvutanibe? Ine kuno ndili bwino, thupi lili gwa, palibe chondipweteka kupatula mtima. Akulemba ndi a Telala a chipinda choyandikana nane, monga mwa masiku onse. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, asakometsere.

Zinali chonchi. Lachiwiri tinali ndi kabati yaikulu ya magalasi yoti ituluke Lachisanu. Ntchito yanga mukuidziwa. A matabwa akamaliza chinthu chimabwera kwa ine, ndichikwecha ndi sandipepa, kenaka polishi. Polishi wanga si wa m'chitini wongopaka ndi bulashi ayi. Ndimasungunula ndekha m'sipiliti, n'kumapaka ndi kansalu kokulunga thonje, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka munthu aone mano ake pa thabwa. Sipiliti ameneyo amalowa m'manja, m'malaya, ngakhale m'ndevu. Paja inu nomwe mumati ndikabwera ku tchuthi sutikesi yanga imanunkha chipatala.

Cha m'ma thwelofu ndinagwa. Mwendo unangoterereka, basi. Pogwapo ndinagwira chitseko cha kabati, galasi n'kusweka. Ndisanadzuke kapitao watsopano wafika kale. Ameneyu anabwera chaka chathachi, timamutcha Kanunkhiza chifukwa chilichonse amayamba waikapo mphuno. Anawerama n'kundinunkhiza m'khosi, ndiye n'kufuula anthu onse akumva, "Madala aledzera!" Ndinati ndimuyankhe koma lilime linalemera. Unali mkwiyo.

Anandiika pabenchi panja pa ofesi. Bwana wamkulu amene anandilemba ntchito anapuma, tsopano pampando pali mwana wake, yemwe ndinkamuona akukwawa pansi pa matebulo ali ndi mamina. Sanati, "Madala, chachitika n'chiyani?" Ayi. Anandipatsa envelopu maso ali pa foni, mlonda n'kundiperekeza mpaka pageti. Mlondayo ndi munthu wabwino, njira yonse ankangoyang'ana nsapato zake. Tinsalu tanga topakira, tomwe ndimatisunga m'botolo lotseka kuti tisaume, a ku ofesi anandikaniza kutenga. Ati ndi katundu wa kampani. Tinsalu tomwe ndinang'amba ku malaya anga akale!

A Telala andiwerengera pepala la m'envelopumo. Lalembedwa kuti ndinapezeka woledzera nthawi ya ntchito n'kuwononga katundu, choncho ndichoke tsiku lomwelo popanda china chilichonse. Pepala limeneli ndilo adzafunse kulikonse kumene ndingakagogode.

Za malata a khitchini muyambe mwadikira. Mmisiri mumuuze kuti mitengo aiike pamthunzi isapindike. Mbuzi ya bere ija musagulitse, ngakhale wina abwere ndi mawu okoma. Zimene ndatumiza ndi zochepa, mudziwe mogawira. Kuno buledi wakweranso.

Nkhaniyi isatuluke pakhomo. Ndiikonza ndekha.

Ndine mwamuna wanu.

24 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Moni. Ndamva kuti muli bwino ndipo chifuwa cha kamdzukulu kaja chatsika. Ndathokoza. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndalandira. A Telala awerenga kawiri, chifukwa koyamba ndinayesa alumpha mzere. Mwati nkhani inafika kumeneko kalata yanga isanafike, ndipo kuchigayo akuinena. Zimenezo sizinandidabwitse. Chandidabwitsa ndi funso lanu loti, "Kodi munayambiranso?"

Inu mungandifunse zimenezo? Tsiku lija anamwino anandibweza pachipata cha chipatala chifukwa ndinkadzandira, mwana wathu wachiwiri akutsirizika mkati m'manja mwanu nokha, ndinakuuzani chiyani titabwera kumanda? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapita. Sindinalawepo, ngakhale pa ukwati wa mwana wathu wamkazi pamene apongozi anandigwiritsa botolo m'manja. Kanunkhiza anene, sandidziwa. Mwana wa bwana anene, ndi mwana. Koma inu.

Ndaleka pamenepo. A Telala akuti ndimwe madzi.

Lolemba a Telala anatseka makina awo n'kundikoka kupita kwa mayi wina wa bungwe la anthu apantchito. Ine sindinkafuna. Mlandu wanga ndikautule kwa mkazi wa msinkhu wa mwana wanga? Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya nsapato, masitepe ake otopetsa, ndinapuma kawiri. M'katimo mapepala mpaka kudenga, ndi mpando umodzi wa alendo wogwedera, woti ine ndikanaukonza theka la ola.

Anawerenga pepala langa n'kuyamba mafunso.

"Anakuitanani kuti mudzayankhe mlanduwu?"

"Ayi."

"Anakupatsani tsiku loti mubwere ndi mnzanu wokhala nanu pambali, kapena mboni?"

"Ayi."

"Anakuyezani mpweya kapena magazi?"

Ndinati, "Anandiyeza ndi mphuno ya kapitao."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenaka anati, "Bambo, munthu sachotsedwa ntchito ngati nsabwe pa malaya. Ngakhale atakupezani ndi botolo pakamwa, amayenera kukuuzani mlandu wanu, kukupatsani nthawi yokonzeka, ndi kumva mbali yanu asanagamule. Ndipo si inu woti muonetse kuti simunamwe, ndi iwo oti aonetse kuti munamwa." Anatinso dandaulo limayenera kukafika ku ofesi ya za ntchito masiku makumi atatu asanathe, ndipo ndikanakhala m'chipinda n'kumangotukwana khoma mpaka mwezi wamawa, chitseko chikanatsekeka.

Zaka zonsezi palibe anandiuzapo zimenezi. Ine ndinkadziwa kuti bwana akati pita, wapita. Mwina za m'mabuku n'zothandiza nthawi zina. A Telala, musamwetulire, ndati nthawi zina.

Mayiyo analemba fomu, ine ndinadinda chala. Anafuna kundigwira dzanja kuti ndijambule dzina, ndinakana. Chala changa sichinanamepo, cholembera ndiye chinalemba kuti ndinaledzera.

Potuluka anandifunsa ngati ndili ndi matenda alionse, kapena ngati pali mankhwala amene ndimamwa. Ndinati, "Mayi, ndabwera ndi mlandu, sindinabwere kusikelo."

Mwana wathu wamkulu mumuuze kuti uthenga wake ndamva. Ati ndakalamba, ndibwerere kumudzi ndizikapuma. Pamene ndinkamulipirira sukulu ndi manja omwewa sanati ndakalamba. Ndidzabwera, koma sindidzatsika basi ndi dzina la chidakwa.

Chitseko cha kuchipinda chikamagwira pansi nyengo ino musachimenye ndi phazi. Pakani kandulo m'munsimo.

Ndine mwamuna wanu.

10 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Ndikhulupirira mvula yakuchitirani chifundo ndipo bondo likulola kupita kumunda. Ine ndilipo. Kuno kwatentha, ludzu silikutha, ndikungokhalira kumpopi.

Simunayankhe kalata yanga yapita. Kaya mwakwiya, kaya a dalaivala anaiiwala m'thumba. Ngati ndinalankhula mokalipa, mawuwo sindikubweza, koma kalipidwe kake mukhululuke.

Dandaulo analandira. Atiitana pa 26 mwezi uno, ife ndi a kampani, kuti tikakhale pamaso pa mkhalapakati. Mayi a bungwe anati ndipeze mboni mmodzi amene anandiona m'mawa wa tsikulo. Ndinati imeneyo si ntchito, ndili ndi a Dazi. Mukuwakumbukira, aja opala matabwa amene anatumiza bulangete pa ukwati wa mwana wathu. Zaka khumi ndi zisanu tikudyera pa benchi limodzi.

Ndinakawadikira poweruka, pansi pa mtengo tsidya lina la msewu, chifukwa pafupi ndi geti sandilola. Atandiona anayamba ayang'ana kumbuyo. Tinayenda mpaka kuseri kwa malo okwerera minibasi.

Ndinati, "Achimwene, ndikufuna mukanene zimene munaona."

Anati, "Achimwene, ine ndili ndi ana asanu ndipo mapepala anga okhalira m'dziko lino ali m'manja mwa kampani. Kanunkhiza wanena kale kuti amene akapite kumeneko asabwererenso."

Ndinawauza zimene mayi a bungwe ananena, kuti lamulo limaletsa kulanga munthu chifukwa choperekera umboni. Anati, "Lamulolo lidzandilipirira lendi?" Chaona mnzako chapita, ndinafuna kutero, koma nkhope yawo inali ya munthu amene akudziwa kale.

Kenaka anandigwira mkono. Anati, "Ine ndikudziwa kuti simumwa. Koma ndikakaima pamenepo akandifunsa zonse, ndipo ndikanena zonse. Chithetsereni Kanunkhiza tiyi wa m'ma teni kuti tizigwira mpaka wani koloko osaika kanthu m'kamwa, inu mwakhala mukunjenjemera manja tsiku lililonse. Thukuta chonchi, ngati akuthirani madzi. Chikukudyani n'chiyani?"

Ndinati wopala matabwa azidziwa za matabwa. Tinasiyana bwino, koma mboni ndilibe.

Ndapeza ganyu kwa mwini sitolo wina, kupolisha kauntala yake. Thabwa labwino koma analiwononga ndi vanishi wotchipa. Ndagwira masiku atatu. Maso akumachita chifunga masana, mwina ndi fumbi la sandipepa.

Achimwene anu muwauze kuti kaphukusi kanga kaja amatumiza miyezi itatu iliyonse asachedwetse ulendo uno. Apereke kwa a dalaivala monga amachitira. Inu musavutike nako, ndi za pakati pa ine ndi alamu anga.

Nsapato za kamdzukulu ka sukulu mugule zokulirapo, phazi la mwana silidikira.

Ndine mwamuna wanu.

28 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni. Kalata yanu yafika limodzi ndi kaphukusi. Ndamva kuti nonse muli bwino ndipo mbuzi yaswa awiri. Zikomo. Ine ndili bwino.

Tinapita kumene anatiitana kuja. Ndinavala jekete yanga yakuda, a Telala anaisita okha. Ndi chipinda chaching'ono, tebulo lalitali pakati, botolo la madzi ndi matambula a pulasitiki. Mkhalapakati ndi mayi wachikulire wa imvi, wolankhula motsitsa. Mbali ino ine ndi mayi a bungwe, mbali iyo mwana wa bwana ndi Kanunkhiza atavala tayi yomufinya khosi.

Mkhalapakati anafunsa ngati anandimva ndisanachotsedwe. Mwana wa bwana anayamba kufotokoza za mtengo wa galasi. Mkhalapakatiyo anati, "Sindinafunse za galasi." Anafunsanso kachiwiri. Mnyamatayo anati ayi. Ndinamuona akuchepa pampando.

Ndiye Kanunkhiza anati fungo la mowa linali lochita kugwetsa ntchentche. Apa ndinapempha mawu. M'thumba la jekete ndinali nditatenga kabotolo ka polishi wanga ndi kansalu. Mayi a bungwe sindinawauze, akanandiletsa. Pakona ya tebulolo panali zipsera za makapu otentha. Ndinanyowetsa kansalu n'kuyamba kuzunguliza. Posakhalitsa pakonapo panayamba kuwala. Ndinatambasula dzanja kwa mkhalapakati ndi kuti, "Mayi, nunkhizani. Ndaledzera?"

Ananunkhiza, nakwinya mphuno, nati, "Chipinda chonse chaledzera." Ngakhale mwana wa bwana anaseka mosafuna. Ndinati, "Fungo limeneli ndilo lamangira bambo ake a mwanayu nyumba yosanja."

Ndikanakonda kalata ikanathera pamenepa.

Kanunkhiza anati, "Chabwino, fungo ndi la polishi. Nanga kudzandira? Nanga thukuta? Nanga mawu okokakoka, osadziwa ngakhale dzina langa nditamufunsa? Polishi amachititsa zimenezo? Anene yekha chinamugwetsa."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinati mwendo unaterereka. Kanunkhiza anati pansi panali pouma. Ndinati ndayankha kale.

Anatitulutsa panja pang'ono. Titabwerera, a kampani anabwera ndi mawu. Ati andipatsa kangachepe, ndipo pepala lija alisintha lilembedwe kuti ndinasiya ntchito ndekha, nkhani ithere pomwepo. Ndinafunsa ngati lilembedwenso kuti sindinaledzere, ndipo ngati Kanunkhiza akanene zimenezo pamaso pa anthu omwe anawafuulira aja. Anati zimenezo ayi. Ndinati ndiye kangachepeko agulire galasi.

Sindinasiye ntchito ndekha. Ndikadinda chala pa bodza lawo ndiye kuti ndavomera kuti panali chobisa, ndipo kuchigayo kwanuko adzati anamulipira kuti achoke mwaulemu, chidakwa chokalamba.

Popeza sitinagwirizane, mlandu ukalowa kwa woweruza pa 3 Meyi. Kumeneko ndi kolumbira, ndipo chigamulo chake ndi chomanga. Pa masitepe mayi a bungwe anandikalipira ngati mwana wawo. Anati, "Zoti sanakumveni tapambana kale. Koma dzina lanu silingayere ngati funso lija mulibe yankho lake. Woweruza si mneneri. Bambo, mukundibisira chinachake, ndipo mukubisa kwa munthu wolakwika." Ndinawauza kuti akulu salankhulidwa choncho pa masitepe.

Ana a mbuziwo muwatsekere m'khola m'mawa kufikira mame atauma.

Ndine mwamuna wanu.

6 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni. Ndili bwino.

Mwati ndilandire zimene akundipatsazo ndibwere kunyumba, dzina silidyedwa. Mwatinso kaya ndinamwa kaya sindinamwe mwandikhululukira. Sindikufuna kukhululukiridwa chinthu chimene sindinachite. Kukhululuka kwanuko kwandipweteka kuposa mphuno ya Kanunkhiza.

Ganyu wasowa sabata ino. Ndachepetsa zina ndi zina, munthu wosagwira ntchito safunika kudya katatu. Mwezi uno musayembekezere kanthu. Ngati zavuta gulitsani tonde, osati yaikazi.

A Telala ayamba kundifunsa mafunso osawakhudza. Ndawauza kuti ntchito yawo ndi kulemba. Akuti pepala latha. Ndikuliona, silinathe.

Ndine mwamuna wanu.

21 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu, ana ndi adzukulu. Ine sindili bwino. Sindinali bwino m'makalata onse aja. A Telala aika cholembera pansi n'kunena kuti ndikayambanso ndi "ndili bwino" ndikapeze wina wondilembera. Ndiye khalani pansi, muwerenge nokha, mwana asakuwerengereni.

Ndili ndi matenda a shuga. Anandipeza nawo kwanu komweko zaka ziwiri zapitazo, pa tchuthi chija ndinakuuzani kuti ndikupita ndi achimwene anu kukaona njinga yogulitsa. Kunalibe njinga. Tinali kuchipatala. Anandipatsa buku ndi mapilitsi, n'kundiuza kuti ndikamwa ndizidya pa nthawi yake, apo ayi ndidzagwa. Bukulo ndinasiya kwa achimwene anu, ndipo ndi iwo akhala akunditengera mapilitsi n'kumatumiza. Kaphukusi kaja ndi kameneko.

Bwana wakale ali pampando tinkamwa tiyi m'ma teni, ine n'kudya buledi wanga, tsiku n'kutha bwino. Kanunkhiza atathetsa tiyiyo ndinayamba kubisa kabuledi m'thumba la ovolosi n'kumadyera kuchimbudzi ngati wakuba. Lachiwiri lija ntchito inali yothamanga ndipo Kanunkhiza anaima pamsana panga m'mawa wonse. Sindinapeze mpata. Ndikanatha kungonena kuti, "Kapitao, ndidye kaye, ndine wodwala." Mawu asanu okha. Sanatuluke.

Mufunsa chifukwa chake. Kuntchito ndinaona zimene anachita ndi mkulu wina wa makina atangodziwa kuti amadwala mtima, mwezi sunathe anamuchotsa. Kuchipatala cha kuno sindinapite poopa kuti pepala lingafike kukampani. Nanga inu? Inu mukanati bwererani. Ana akanati bwererani. Ndikanakhala pakhonde n'kumapatsidwa tiyi wopanda shuga ndi mpongozi wondimvera chisoni. Ndinati bola ndigwe ndili chiimire. Ndinagwadi, ndipo taonani dzina limene ndadzuka nalo.

Lachitatu lapitali ndinagwanso, masana, pampopi pa bwalo lathu. Ndinali nditamwa mapilitsi m'mimba mulibe kanthu. Mayi wina wochapa anati, "Tamuonani, ndiye ankakana!" A Telala ndiwo anapisa m'thumba mwanga n'kupeza mapilitsi, nandithira madzi a shuga m'kamwa, nandinyamula pa galimoto ya ganyu. Ndagona kuchipatala masiku atatu. Dokotala wake ndi mtsikana, koma ukali wake ngati wa malemu amayi anu. Ati munthu samwa mankhwala amodzimodzi zaka ziwiri osayezetsa. Wandisinthira. Walembanso kalata yonena kuti shuga akatsika kwambiri munthu amadzandira, amatuluka thukuta, lilime limalemera, ndipo osadziwa amayesa waledzera.

Mayi a bungwe anabwera kudzandiona. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandivuta kwambiri. Anati ndikanawauza a kampani, lamulo likanakhala mbali yanga kuyambira pachiyambi, chifukwa matenda si mlandu ndipo mphindi khumi zodyera buledi si chinthu choti akanandikaniza. Anatinso kubisa kwanga a kampani adzakugwiritsa ntchito, mwina sindipeza zonse zimene ndikanapeza. Ndawauza kuti zimenezo aone iwo. Ine ndikufuna mzere umodzi wa woweruza wonena kuti munthuyu sanaledzere. Ndidzabwera nawo, muuwerenge nokha mokweza, pakhomo pathu.

Koma kalata ya dokotala payokha siikwana. A kampani adzati matendawa ndawapeza nditachotsedwa kale, ndikungofuna pobisala. Chofunika ndi buku lija, chifukwa lili ndi chidindo cha zaka ziwiri zapitazo ndi dzina la mapilitsi. Mlandu ndi pa 3 Meyi. Basi imene inganditulire bukulo nthawi isanathe ndi ya Lachisanu likubwerali. Yotsatira idzapeza atagamula.

Vuto ndi ili. Achimwene anu ndinawalumbiritsa. Ndinati ngakhale mlongo wanu abwere akulira, ngakhale abwere ndi kalata yonena kuti ndine, mukane, munene kuti simudziwa buku lililonse. Mukuwadziwa, mutu wawo ndi wanga anaumba tsiku limodzi. Choncho musatume mwana ndipo musaimbe foni. Bondo likupweteka ndikudziwa, koma mupite nokha, muime pakhomo pawo, muwawerengere mawu awa.

Alamu, ndine. Tsiku lija potuluka m'chipatala tinakhala pa mlatho, inu munagula nthochi zinayi, ine n'kukana kudya, inu n'kunditcha bulu. Palibe wina akudziwa zimenezo, ndiye musati kalatayi ndi yopeka. Munasunga mawu anga zaka ziwiri, ndathokoza. Lero ndikukumasulani. Mlongo wanu akakukalipirani mupirire, zanga zikundidikira. Tulutsani bukulo, mulikulunge m'pulasitiki, mulipereke m'manja mwa a dalaivala inu mwini Lachisanu basi isananyamuke. Osati mawa lake, alamu. Lachisanu.

Ndine mwamuna wanu, wodwala koma wosaledzera.